Liwu Lolemera Limapsa Mochedwa

Abale anga a kuno ku Angónia, inu a ku Ulongwe, a ku Domwe, a ku Lifidzi, pamodzi ndi anansi athu a ku Tsangano, sendererani pafupi tikambirane za mwana wina amene tonse timamudziwa koma sitimuwerengera. Mwanayu ali m'kwaya iliyonse, ya Akatolika ndi ya Reformada yomwe. Ndi mtsikana uja saimikidwa kutsogolo. Anzake a mawu okwera akamatsogolera nyimbo, iye amaima mzere wachiwiri n'kumathira mang'ombe chapansipansi. Akati atulutse liwu lake lonse, anzake amagwirana m'nthiti n'kuseka, ati mawu achimuna. Mkulu wa kwaya amamukweza dzanja kuti achepetse, asaphimbe ena. Ndipo poti ndi mwana womva, amachepetsadi, chaka ndi chaka, mpaka tsiku lina amangoleka kubwera kokonzekera nyimbo, osatsanzika munthu.

Koma m'chotseni Lamulungu limodzi mumve. Nyimbo imene sabata yatha idadzaza tchalitchi imamveka yopyapyala, yosowa pokhalira, ndipo anthu amatuluka akudandaula kuti kwaya sidaimbe bwino, osadziwa chimene chasowa. Kapena lowani m'siwa usiku wa maliro, nthawi ija tambala woyamba ali pafupi kulira, a mawu okwera atasasa kale, ena akuwodzera atatsamira khoma. Amene amanyamula nyimbo kuifikitsa m'bandakucha ndi amayi a mawu olemera aja. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nyimbo nayo siimirira pa liwu limodzi.

Liwu lomwe ife timalikankhira kumbuyoli, kwina kuli nyumba zikuluzikulu zimene zimalifunafuna. Kuli luso lotchedwa opera, lomwe lidayambira ku Italy cha m'ma 1600. Ndi sewero, koma nkhani yake yonse amachita kuimba: kukangana, kufunsirana, kulira maliro, zonse m'nyimbo. Woimbayo sagwira chimkuzamawu. Pakati pa iye ndi omvera pamakhala gulu la oimba zida, nthawi zina 60, nthawi zina 80 kapena kuposa, ndi malipenga ndi ng'oma zawo, ndipo liwu la munthu mmodzi liyenera kudutsa onsewo n'kukafika kwa amene wakhala mpando wotsiriza. Nyumba ya Metropolitan ku New York imalowa anthu pafupifupi 3,800. Mwa mawu a amayi, lapakati, lotsikirapo kuposa soprano koma lotha kukwera ndithu, ndilo amalitcha mezzo-soprano. Eni liwu limeneli ndiwo amapatsidwa mbali zolemera za sewero: mayi wosunga chinsinsi chowawa ngati Azucena, mwana wa mfumu wodyedwa ndi nsanje ngati Amneris mu Aida, ndi Carmen, mkazi wosamva za munthu, amene Georges Bizet adamuonetsa koyamba ku Paris mu 1875.

Wina anena kuti izo n'za azungu, zitikhudza bwanji ife olima mbatatesi? Dikirani ndikuuzeni za mayi wina wa kumwera kwathuku.

Mayi Sibongile Khumalo adabadwira ku Orlando West, ku Soweto, mu 1957. Bambo awo, a Khabi Mngoma, adali mphunzitsi wamkulu wa nyimbo, amene pambuyo pake adayambitsa gawo la maphunziro a nyimbo pa University of Zululand. Mwanayo adayamba kuphunzira ali ndi zaka 8, kwa mayi wina dzina lake Emily Motsieloa, vayolini ndi kuimba komwe. Pofika zaka 14 mtima wake udali utakhazikika pa opera. Koma m'masiku a tsankho aja mtsikana wakuda adalibe khomo lolowera m'luso limeneli m'dziko lakwawo, ndipo bambo ake adamulangiza kuti asathamangire njira imeneyo. Sadanyanyale. Adapita ku yunivesite, naphunzira nyimbo ku Zululand ndi ku Wits, nakhala mphunzitsi, naphunzitsa ana a anthu ena kwa zaka zambiri. Liwu lija lidali kukula mwakachetechete. Dziko lidadzamudziwa bwino mu 1992, atayandikira zaka 35, pamene adaimba pa malo otchedwa Kippies ku Johannesburg. Chaka chotsatira adalandira mphoto ya Standard Bank ya aluso achinyamata. Mu 1994 adaimba pa mwambo wolumbiritsa Nelson Mandela, ndipo mu 1995 ndiye adatsogolera nyimbo za fuko pa masewero otsiriza a chikho cha dziko lonse cha rugby. Adaimba Carmen, adaimba Amneris, adaimba Azucena. Adaima ku Royal Albert Hall ndi ku Barbican mu London, adaima ku Kennedy Center mu Washington. Mu 2008 boma la kwawo lidamuveka ulemu wa Order of Ikhamanga. Adatisiya mu Januwale 2021 ali ndi zaka 63.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tawerengani bwino zaka zimenezo: kuchokera pa 14 kufika pa 35. Zaka zoposa 20 munthu akudziwa chimene ali nacho m'chifuwa, akuona ena akutchuka, iye ali m'kalasi ndi choko m'manja. Ambiri a ife tikadatopa n'kunena kuti Mulungu adatiiwala.

Koma mbali ya moyo wawo imene ndikufuna muisunge kwambiri ndi iyi. Ali mtsikana wa zaka za m'ma 13, bambo ake adamutenga ulendo kukaona mayi wina wokalamba, Princess Magogo, mwana wa mfumu Dinuzulu ya Azulu. Gogoyu adali nkhokwe ya nyimbo zamakedzana za ku nyumba yachifumu, ndipo ankaziimba ndi liwu lakuya akuliza ugubhu, uta wa chingwe chimodzi womangirirako chipanda. Bambo adamukhazika mwanayo pansi, pa mapazi a gogoyo, kuti angomvetsera. Mayi Khumalo eni ake adadzafotokoza atakula kuti tsiku limenelo adaona ngati bambo awo akuwachitira nkhanza, chifukwa ana ena onse adali panja kusewera. Gogo Magogo adamwalira mu 1989. Ndiye mu 2002, ku Durban, kudaonetsedwa opera ya m'Chizulu yosimba moyo wa gogoyo, yopekedwa ndi a Mzilikazi Khumalo. Pofuna mayi woti aimbe mbali ya Magogo, adatenga mwana uja adaletsedwa kusewera. Seweroli lidawoloka nyanja, lidakafika ku America mu 2004, lidakafikanso ku Amsterdam. Oimba Carmen pa dziko lapansi ndi ambirimbiri, ndipo mayi Khumalo adali mmodzi mwa iwo. Koma woimba Magogo atamuonapo ndi maso, atamva ndi makutu ake mmene gogoyo ankakokera mpweya ndi kugwetsera liwu, adali iwo. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo awa adagonera zaka pafupifupi 30.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Makolo a Angoni a Maseko adachokera kumwera komweko, nawoloka Zambezi, nayenda mpaka ku Songea, n'kubwerera kudzakhazikika m'munsi mwa phiri la Domwe. Malire a mu 1891 ndiwo adadula mtundu umodzi pakati, ena n'kukhala a Chipwitikizi, ena a Chingerezi. Mpaka lero madoda akamavina ngoma, m'nyimbo zawo mumamveka mawu a chinenero chakale chija, oti achinyamata ambiri sawamvanso tanthauzo. Amayi athu ali ndi nyimbo za msindo, za pamtondo, za chinamwali, zotonthozera mwana, zolirira maliro. Pamene nkhondo idatithamangitsira ku Dedza ndi ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1980, ng'ombe zidatsala, nkhokwe zidatsala, koma nyimbo tidawoloka nazo, ndipo mtendere utabwera mu 1992 tidabwerera nazo. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalemba Gule Wamkulu ndi timbila za Achopi pa mndandanda wa chuma cha anthu onse a pa dziko. A kutali adaona kale kuti kuno kuli kanthu. Chondidetsa nkhawa n'chakuti chigayo chidalanda mtondo ntchito, ndipo nyimbo za pamtondo zikupita kumanda limodzi ndi eni ake. M'mudzi uliwonse muli gogo amene akadali nazo. Mdzukulu wake ali pakhonde pomwepo, maso pa foni, kuphunzira nyimbo za ku Lagos. Sindikuletsa za ku Lagos. Ndikungoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo foni yomweyo ikhoza kujambula mawu a gogoyo mwezi uno, dzinja lisanabwere ndi matenda ake.

Tsopano ndilankhule ndi iwe mwana wanga wa mzere wachiwiri, ndi inu akulu a makwaya. Liwu limatuluka pa timinofu tiwiri ta m'kholingo, ta masentimita pafupifupi 2 kutalika kwake. Timinofu timeneti tikakakamizidwa timatupa, ndipo tikapitiriza kukakamizidwa timamera tinjere tolimba, liwu n'kusasa osabwereranso msanga, mwina osabwereranso konse. Mphamvu ya woimba siichokera pakhosi. Imachokera ku mpweya wosungidwa m'munsi mwa nthiti ndi kuutulutsa pang'onopang'ono, ndipo zimenezi munthu amaphunzira zaka, pamaso pa mphunzitsi womva bwino. Chinanso, mawu olemera amachedwa kukhwima kuposa opepuka. Mbatatesi timakumba pakatha miyezi itatu kapena inayi, koma amene wabzala pichesi amadziwa kuti adikira zaka, ndipo sazula mtengowo chaka choyamba poti sudabale. Mtsikana wa zaka 16 wa liwu lolemera sadafike n'komwe pa theka la chimene adzakhale. Mbali zazikulu ngati za Amneris ndi Azucena aphunzitsi anzeru sapatsa mwana. Kawirikawiri amadikira kuti munthu akhwime.

Cholakwa chimene chimachitika m'makwaya mwathu n'chakuti mtsikana akaoneka kuti ali ndi mphamvu, timamusamutsira ku soprano kuti azikuwa pamwamba, makamaka mpikisano wa makwaya ukayandikira. Amakuwadi, mitsempha ya m'khosi ili tototo, anthu n'kuimba nthungululu, chikho n'kubwera kunyumba. Pakatha zaka zitatu mwana uja akulankhula monong'ona. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Chikho chija chili pa shelefu kuchita dzimbiri, ndipo palibe amene akukumbuka kuti chidagulidwa ndi khosi la mwana wa munthu. Inu akulu a kwaya, mphatso ya mwana wa mnzanu mwaibwereka chabe. Mpatseni mbali yomuyenera, mumuphunzitse kuwerenga manotsi, ndipo akasasa mawu mumupumitse, ngakhale mawa kukubwera abishopu. Ndipo iwe mwana wanga, utsi wa m'khitchini yotseka, fumbi la popuntha nyemba, fodya ndi kachasu ndi adani a khosi lako. Mwezi wa Juni ndi Julayi, chisanu chikatsika m'mapirimu, funda khosi ndipo uzimwa madzi.

Pali makomo ena amene kudekha kokha sikuwatsekula, amafuna kulimba mtima. Grace Bumbry, mayi wakuda wobadwa mu 1937 ku St. Louis ku America, adapambana mpikisano wa pa wailesi ali mtsikana wa sekondale. Mphoto yake idali malo pa sukulu ya nyimbo ya mumzindamo, koma sukuluyo idakana kuti aphunzire pamodzi ndi azungu. Adakaphunzira kwina. Mu 1960 adaimba Amneris ku Paris, ndipo mu 1961, ali ndi zaka 24, adakhala wakuda woyamba kuimba pa chikondwerero cha Bayreuth ku Germany. Ena adalemba makalata odandaula asadamumve n'komwe. Atamumva, anthu adaomba m'manja kwa pafupifupi theka la ola. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Komabe ndikadakhala wabodza ndikadakuonetsani maluwa okhaokha. Walira mvula walira matope. Oimba ambiri a opera alibe malipiro a pamwezi. Amalipidwa usiku umene aimba. Munthu amatha masabata akukonzekera mu mzinda wachilendo, chipinda akulipira yekha, ndipo chimfine chikamugwira tsiku la sewero, wina amalowa m'malo mwake n'kutenga ndalamayo. Amayenera kuloweza sewero lathunthu m'Chitaliyana, lina m'Chifalansa, lina m'Chijeremani, ndi kudziwa tanthauzo la liwu lililonse. Amapita kukayesedwa pakati pa anzake ambirimbiri, malo ali amodzi, n'kubwerako chimanjamanja kangapo konse. Maliro a kwawo amamupeza ali kutsidya kwa nyanja, ndipo kwa ife amene timadziwa kulemera kwa kukhalapo pa maliro a mayi ako, mtengo umenewo si wochepa. Amene akufuna njira imeneyi aidziwe yonse asananyamuke.

Ndipo chenjerani ndi a pakamwa pozuna. Masiku ano uthenga umangofika pa WhatsApp kapena pa Facebook: tamva mawu ako, ndiwe nthetemya, tumiza ndalama zakutizakuti tikukonzere ulendo wa ku Joni kapena wa ku Ulaya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sukulu yeniyeni ya nyimbo ili ndi dzina, ili ndi malo oti munthu n'kukaimapo, ili ndi aphunzitsi odziwika, imayesa mwana isanamulandire, ndipo siuza mtsikana kuti abise ulendo kwa makolo ake. Amene akuti usauze amayi ako, ameneyo sakufuna liwu lako. Ana athu angapo adawoloka malire usiku opanda chiphaso, atalonjezedwa zabwino, n'kukathera m'ntchito zimene sangazitchule pobwera. Safunsa anadya phula.

Inu makolo, ndi inu amalume amene mawu anu amalemera pa nkhani za ana a alongo anu, pali mlandu wathunso. Tidazolowera kuganiza kuti mtsikana woimba pagulu ndi wolowerera. Mnyamata akagwira gitala timati ndi luso, mtsikana akakweza mawu kunja kwa tchalitchi timayamba kunong'onezana. Ndiye pofuna kumuteteza timamufulumizitsa ku banja, mwana wa zaka 15, ati asatichititse manyazi. Kuyambira mu 2019 lamulo la dziko lathu la Mozambique limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, koma lamulo lisanabwere chikumbumtima chidalipo kale. Khalidwe la munthu silionongeka ndi nyimbo. Mayi Khumalo adaimba m'nyumba za mafumu ndi m'malo a jazi, adalera ana awo, ndipo adapita kumanda ndi ulemu wa dziko lonse. Chimene chidawasunga n'chakuti bambo awo sadawatsekere pakamwa ndiponso sadawataye kuti adzionere okha. Adawaphunzitsa, adawachedwetsa pamene padafunika kuchedwa, adawaperekeza kwa akulu. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo kuongola si kuthyola.

Mwina simudziwa kuti ana athu ali ndi poyambira pabwino kuposa ana a mitundu ina yambiri. Chinenero chathu chili ndi mavawelo asanu omveka bwino, ndipo mawu athu amathera pa vawelo, monga momwe amathera mawu ambiri a Chitaliyana, chomwe ndi chinenero chachikulu cha opera. Kusukulu amaphunzira Chipwitikizi, chomwe ndi chachibale ndi Chitaliyana ndi Chifalansa. Kutsidya kwa msewu, ku Lizulu ndi ku Dedza, amamva Chingerezi. Khutu lozolowera kupolokezana ndi kuthira mang'ombe kuyambira ali kumsana, ena amachita kulipira ndalama kuti alipeze. Ndipo palibe amene adalamula kuti opera iziimbidwa m'zinenero za ku Ulaya zokha. Pauline Malefane wa ku Cape Town adaimba Carmen m'Chixhosa, mufilimu ya U-Carmen eKhayelitsha, ndipo filimuyo idatenga mphoto yaikulu ya Golden Bear ku Berlin mu 2005. Nyimbo imodzi sachezera gule. Mwana adziwe za gogo wake, adziwe za m'buku la nyimbo za kutchalitchi, adziwenso za opera. Nkhani za kuno zoyenera sewero lotere zilipo: ulendo wa makolo kuchokera kumwera, imfa ya mfumu Gomani woyamba m'manja mwa Angerezi mu 1896, zaka za kuthawa nkhondo. Zikudikira wozipeka ndi woziimba.

Nanga kophunzirira? Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, tsono tsiku lidzafika loti achoke. Ku Maputo kuli Escola Nacional de Música, ndipo Universidade Eduardo Mondlane ili ndi maphunziro a nyimbo. Komweko mayi Stella Mendonça, woimba opera wa dziko lathu lino amene adaphunzira ku Ulaya, adabwerera n'kutsekula sukulu ya Musiarte. Kulinso Xiquitsi, ntchito yophunzitsa achinyamata zida ndi kuimba, imene idayamba mu 2013 motsogozedwa ndi mayi Eldevina Materula, omwe mu 2020 adakhala nduna ya za chikhalidwe. Vuto n'lakuti Maputo ali pa mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera kuno, ndipo ulendo wokhawo umadya matumba angapo a mbatatesi. Apa ndi pamene mpingo ndi mudzi ziyenera kulowapo. Timasonkha za maliro, timasonkha za ukwati, timasonkha za malata a tchalitchi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Kusonkhera mwana mmodzi wa mphatso yooneka, wakhalidwe, amene wamaliza sekondale, si chinthu chotilaka. Ndikuti wamaliza sekondale, chifukwa sukulu zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuwerenga ndi kulemba bwino, ndipo liwu likadzavuta tsiku lina, satifiketi ndiyo idzamudyetse, monga uphunzitsi udasungira mayi Khumalo zaka zonse zija.

Kwa ife a m'malire kulinso njira yaifupi. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy, ndipo ku Zomba University of Malawi imaphunzitsa nyimbo. Kuchoka ku Ulongwe kudzera pa chipata cha Calomue kufika ku Dedza ndi ulendo wa m'mawa umodzi, ndipo kuchokera pamenepo Lilongwe sakwana makilomita 100. Choyamba mwanayo akhale ndi mapepala ake onse, kalata ya kubadwa, chitupa ndi pasipoti, zotengedwa ku ofesi masana, osati zogula kuseri. Kenako malume ake avale jekete amuperekeze, akaone okha sukuluyo, akalankhule ndi aphunzitsi, akafunse za fizi, za kogona ndi za amene adzamuyang'anire. Abwere adzafotokozere banja lonse pabwalo, ng'ombe isanagulitsidwe.